Uwauze a Ngozo Kuti Awerenge Mpaka D

LOLEMBA

Steve ndi Eli

06:48 Steve: eli wachita chani
06:48 Steve: wandiika pa group limodzi ndi amayi ako??
06:49 Eli: eya kkkkk
06:49 Steve: ndichotse fast asanaone
06:50 Eli: aona kale. akufunsa ngati "steve akhoze basi" ndi dzina la group kapena pemphero
06:51 Steve: usaseke iwe. mkamwini ndi apongozi salankhulana, ukudziwa. dzulo lomweli ndawapatukira pa njira ya ku tchalitchi mpaka kulowa mdimba la eni
06:51 Eli: ndinakuona. unabisala mu kachewere wosafika ndi mmawondo momwe kkkk
06:54 Eli: (mawu, 0:52) Tamvera Steve. Sabata yonse yathayi ine ndasanduka mesenjala. Kupita kwa amayi kukatenga mawu a chizungu, kubwera nawo kwa iwe, iwe kuyankha, ine kubwereranso. Ndi mimba yonseyi? Miyendo yatupa ngati maungu. Dzana ndinafika pakhomo nditaiwala ngati anati belligerent kapena benevolent, ndinangokuuza limene linabwera msanga. Test ya ntchito ku kampani ya mbewu ija ndi Loweruka la sabata yamawa. Chaka chatha zina zonse unakhoza, unagwera English, pa ma synonym omwewa. Amayi aphunzitsa English ku sekondale mpaka kupuma, nyumba yawo tikuionera pa windo, ndiye ukagwenso? Ayi.
06:57 Steve: mwambo ndi mwambo. mpaka mwana abadwe, atiphere nkhuku tidyere pamodzi. amalume akamva ndiwauza chani
06:58 Eli: nanga ukagwa? mkulu wako allan si wakusungira kale malo ku joni?
06:58 Eli: ine mwana wodziwa bambo ake pa video call sindilera
06:59 Eli: komanso amayi akonza kale. mu group simulankhulana. aliyense alankhula ndi ine, ine ndipereka. kusiyana kwake ndizipereka nditakhala pa mkeka
07:03 Steve: eish
07:03 Steve: ok koma usachokepo

Gulu: steve akhoze basi

07:10 Apongozi: Eliness, uwauze a Ngozo kuti ndawalonjera. Mu gulu muno ine ndikulankhula ndi mwana wanga. Zimene maso a ena aone, ndi za maso awowo.
07:11 Eli: a ngozo, amayi akukulonjerani
07:15 Steve: eli uwauze amayi kt zkm ndadzuka bho
07:16 Apongozi: Uwafunse kuti "kt zkm" ndi chilankhulo cha dziko liti.
07:16 Eli: akufunsa kkkk
07:19 Steve: Eli, uwauze amayi kuti zikomo kwambiri, ndadzuka bwino, kaya iwo.
07:20 Eli: akuti kaya inu
07:20 Eli: nonsenu mvetserani. kuyambira pano ndikatumiza 👆 ndiye kuti ndapereka. zala nazo zimatopa
07:21 Apongozi: Tadzuka. Tiyambe. GARRULOUS. A. angry B. talkative C. generous D. untidy
07:21 Eli: 👆
07:21 Steve: eli uwauze kuti A
07:22 Eli: 👆
07:22 Apongozi: Uwafunse chifukwa chake.
07:22 Eli: 👆
07:24 Steve: likumveka laukali basi
07:24 Eli: 👆
07:27 Apongozi: (mawu, 0:47) Eliness, uwauze kuti mawu a chizungu sitiwagwira ndi khutu ngati nyimbo. Ana anga ku sekondale ndinkawauza chinthu chimodzi: liwu lililonse lovuta tilipatse mwini wake, munthu woti timamudziwa. Garrulous ndi a Malita a ku kwaya. Ukakumana nawo pa mjigo, ndowa imadzadza, imasefukira, iwo asanamalize kufunsa za ana. Ndiye akaona garrulous aziona a Malita. Talkative, chatty, loquacious, onsewo ndi a Malita.
07:28 Eli: amayi!! a malita akamva
07:29 Apongozi: Akamva akauza aliyense, ndipo mudzi wonse udziwa garrulous. Ndi chitukuko.
07:29 Eli: 👆😂
07:31 Steve: eli uwauze amayi kuti B
07:31 Eli: 👆
07:32 Apongozi: Uwauze kuti pano ndi mbuzi yomwe ikanakhoza.

LACHITATU

Gulu: steve akhoze basi

12:15 Apongozi: Eliness, tiyambe ndi awiri amene unawasakaniza m'njira aja. BELLIGERENT ndi aggressive, hostile, wofuna ndewu. BENEVOLENT ndi kind, charitable, wamtima wabwino. A Ngozo apeze okha eni ake.
12:16 Eli: 👆
12:31 Steve: eli ndangotuluka ku dimba. uwauze amayi kuti belligerent ndi tambala wa a chikhulupiriro. amathamangitsa ndi njinga yomwe
12:32 Eli: 👆 zoona, anandijompha chitenje
12:33 Steve: benevolent ndi a sisitere aja a ku nzama amakupatsa mapeyala ukapita ku sikelo
12:33 Eli: 👆
12:34 Apongozi: Ndalola. Tsopano OSTENTATIOUS. Showy, flashy. Munthu wofuna kuti aliyense aone zimene ali nazo.
12:34 Eli: allan
12:34 Eli: sorry 👆
12:35 Steve: iwe sanakufunse
12:35 Eli: profile yake waitsamira galimoto ya bwana wake, magalasi awiri, ena kumaso ena pamutu
12:36 Apongozi: Mwini wake wapezeka. Tipitirire.
12:38 Apongozi: FRUGAL. A. stingy B. fragile C. thrifty D. hungry
12:38 Eli: 👆
12:38 Steve: A
12:39 Eli: 👆
12:41 Apongozi: Ayi. Uwauze kuti A ndi msampha, amauika dala. Frugal ndi thrifty, wosamala zinthu, ndipo ameneyo ndine: botolo la mafuta ndimalitsuka n'kuikamo mchere. Stingy ndi amalume ako Eliness, amene amabisa shuga alendo akamaonekera pa phiri. Osatisakaniza.
12:41 Eli: 👆 kkkkk ndafa
12:44 Apongozi: Lomaliza lero. FORMIDABLE. Intimidating, daunting. Woopsa, woti ukamuona mawondo amafooka. Uwafunse mwini wake ndani.
12:44 Eli: 👆
12:58 Eli: a ngozo?
13:20 Eli: ndikukuonani muli pa khonde, foni ili mmanja
13:41 Steve: eli uwauze amayi kuti network inavuta
13:42 Eli: amayi, andinong'oneza kuti ndinu
13:42 Steve: ELI
13:44 Apongozi: Uwauze kuti akhoza.

LACHISANU

Gulu: steve akhoze basi

06:30 Apongozi: LETHARGIC. A. deadly B. legal C. forgetful D. sluggish
06:31 Eli: 👆
06:31 Steve: A
06:31 Eli: 👆
06:33 Apongozi: CANDID. A. sweet B. frank C. bright D. secret
06:33 Eli: 👆
06:33 Steve: A
06:34 Eli: 👆
06:39 Apongozi: (mawu, 1:04) Eliness, ndakhala ndikuyang'ana nthawi ya mauthengawa. A Ngozo amayankha mphindi yomweyo imene wapereka. Munthu sangawerenge mayankho anayi, n'kuwayesa, m'nthawi imeneyo. Amangoona A, mtima n'kuti ndi ameneyu, basi atumiza, ngati akuthamangira minibasi ya pa Biriwiri. Mutu ali nawo, ndauona pa tambala uja. Chowagwetsa ndi phuma. Lethargic ndi sluggish, mmene umakhalira iwe masana. Candid ndi frank, mmene ndikulankhuliramu. Ndipo pali liwu lina lero, IMPETUOUS: rash, hasty, wochita asanaganize. Limeneli mwini wake asafune patali. Uwauze kuti kuyambira lero awerenge mpaka D.
06:40 Eli: 👆 pepani bambo
06:52 Steve: eli uwauze amayi kuti ndamva
06:52 Eli: 👆

Steve ndi Eli

06:53 Steve: andipatsa liwu langa
06:53 Eli: linakukwana ngati yunifomu
06:54 Steve: tambala ali ndi lake, allan ali ndi lake, ine impetuous
06:55 Eli: unandifunsira tsiku lomwe tinakumana pa maliro. ukane
06:55 Steve: koma pamenepo ndinakhoza
06:56 Eli: 🙄❤️

LOLEMBA

Gulu: steve akhoze basi

08:02 Apongozi: Eliness, pereka ili. TACITURN. A. tactful B. rotating C. bitter D. reserved

Steve ndi Eli

08:04 Steve: eli pereka
08:15 Steve: eli
08:40 Steve: uli pa line ku sikelo?
09:25 Steve: yankho ndili nalo likundiwotcha
10:10 Steve: ndasintha. si A
11:03 Steve: amayi atuluka akuanika chimanga, andiona ndili ndi foni, ndalowa mnyumba
12:47 Eli: kkkkkk foni inazima. ndiye mmawa wonsewu wangokhala ukuliyang'ana?
12:47 Steve: nanga ndiyankhe usanapereke? kumeneko ndi kulankhula nawo
12:48 Eli: ambuye tithandizeni
12:48 Steve: anurse akuti bwanji
12:49 Eli: akuti zili bwino, masabata awiri kapena atatu. upita ku test ubwera, undipeza ndikadali maungu

Gulu: steve akhoze basi

12:50 Eli: 👆 pepani amayi, sikelo
12:51 Steve: eli uwauze amayi kuti D. poyamba ndinati A chifukwa akufanana kumayambiriro, koma ndinakumbukira kuti wofanana nkhope amakhala msampha. B ndi C ndinawayesa pa munthu, sakugwira
12:51 Eli: 👆
12:54 Apongozi: Akhoza. Taciturn ndi reserved, quiet, wosalankhulalankhula. Waona Eliness? Akadikira amakhoza. Bwenzi tikukutumiza ku sikelo tsiku lililonse.
12:55 Eli: 👆 mwini wake ndani
12:57 Apongozi: Malemu bambo ako. Chaka chonse choyamba cha ukwati ndinkaganiza kuti andikwiyira, osadziwa kuti ndi mmene alili.
12:58 Eli: ndimaganiza muwapatsa a ngozo
12:59 Apongozi: A Ngozo si taciturn. Ndinawamva akutsogolera ngoma pa chinkhoswe cha Sheila, mawu mpaka ku tchalitchi. Amangokhala chete ine ndikamadutsa.
13:00 Eli: 👆😂

LACHITATU

Steve ndi Eli

17:22 Steve: allan waimba
17:22 Steve: akuti bwana wake akufuna munthu wa mu garden kumapeto kwa mwezi. ndikapanda kuyankha apereka kwa wina
17:24 Eli: wamuuza chani
17:25 Steve: kt adikire test
17:25 Steve: akuti ndikutaya nthawi ndi chizungu cha mu dictionary. akuti ku joni palibe amafunsa garrulous
17:26 Eli: mr ostentatious
17:31 Steve: (mawu, 0:41) Eli, usaganize kuti ndikufuna kupita. Ine ndinabadwa madala ali ku mgodi. Atabwera ndinali ndikuyenda kale, ndinawathawa, ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe. Amayi anga mpaka lero amaseka nkhani imeneyo, ine sindiseka. Koma kachewere yekha sangatilere, feteleza ukumuona mmene wakwerera. Ntchito iyi ndikaipeza ndizizungulira alimi konkuno, Biriwiri, Sharpevale, madzulo ndili pakhomo. Ndikagwanso sindikudziwa.
17:33 Eli: sugwa
17:33 Eli: belligerent
17:33 Steve: tambala
17:34 Eli: frugal
17:34 Steve: amayi ndi botolo
17:34 Eli: obstinate
17:35 Steve: stubborn. iwe
17:35 Eli: dzulo amayi anapatsa mbuzi
17:35 Steve: ine ndinasintha
17:36 Eli: bwera udzatenge madzi osamba wekha

LACHISANU

Gulu: steve akhoze basi

15:48 Steve: eli uwauze amayi kuti ndafika ku lilongwe, ndigona kwa mnzanga mtendere. test ndi 9 mmawa
15:49 Eli: 👆
15:52 Apongozi: Uwauze kuti lero asawerengenso kanthu. Adye, agone. Mawa akaona liwu, afunse kuti mwini wake ndani. Akapeza lopanda mwini, achotse kaye amene akudziwa kuti si amenewo. Ndipo mpaka D.
15:52 Eli: 👆
15:53 Steve: eli uwauze amayi kuti mpaka D
15:53 Eli: 👆 ndatopa nanu nonse awiri

LOWERUKA

Steve ndi Eli

06:20 Eli: wadzuka? ukalembe bho. usavale shati ya mtendere ija ya maluwa
06:22 Steve: kkk ndavala yoyera. wagona bwanji
06:23 Eli: bho
07:14 Eli: (mawu, 0:19) Steve, usadandaule, wamva? Tikupita ku chipatala cha ku Nzama ndi amayi, msana ukungopweteka pang'ono, mwina ndi chisanu. Amayi anati ndisakuuze, koma... iii. Ukalembe. Ndikuimbira.
07:15 Steve: chani??
07:15 Steve: anati masabata awiri
07:16 Steve anaimba, sanayankhidwe
07:18 Steve anaimba, sanayankhidwe
07:25 Steve: eli yankha plz
07:41 Steve anaimba, sanayankhidwe

Gulu: steve akhoze basi

07:52 Steve: eli
07:52 Steve: eli uwauze amayi kuti ndikufuna kudziwa zikuyenda bwanji
07:58 Apongozi: Eliness, uwauze a Ngozo kuti tafika bwino, uli m'manja mwa anamwino. Akalembe mayeso.
07:59 Steve: eli pereka
08:03 Steve: eli ngati uli bho tumiza chala chokha
08:09 Steve: eli ndili pa geti pa test koma sindilowa
08:10 Apongozi: Eliness, uwauze kuti alowe.
08:14 Steve: eli ndabwerera. ndikupita ku depot
08:15 Steve: mwana wanga sabadwa ine kulibe. test idzabweranso
08:16 Apongozi: Eliness, uwauze kuti asatero.
08:21 Steve: eli ndakwera kabaza
08:26 Apongozi: Uthengawu wachotsedwa
08:27 Apongozi: Uthengawu wachotsedwa
08:29 Apongozi: A Ngozo.
08:29 Apongozi: Ndine apongozi anu. Ndikulankhula ndi inu.
08:30 Apongozi: Muuzeni wa kabazayo aime.
08:33 Apongozi: (mawu, 1:12) A Ngozo, ndithyola mwambo ndine, mlandu wake ndi wanga, kwa amalume anu ndikayankha ndekha. Foni ya Eliness ili m'chikwama changa, iye sangagwire foni pano. Ali bwino, ndangotuluka kumene kwa iye, wanditukwana kawiri, ndiye kuti mphamvu zilipo. Tsopano tamvani. Mukakwera minibasi mufika kuno masana, ndipo mudzakhala panja pansi pa mtengo pamodzi ndi amuna anzanu, chifukwa mkati muno simulowa. Palibe chimene mudzathandize. Koma mukasiya mayesowo lero, kumapeto kwa mwezi mukwera basi ina, yaitali ija, ndipo mwana ameneyu adzakuthawani monga munathawira inu. Eliness anandiuza za nkhokwe ija, musamukwiyire. Mwaona A, mtima wati ndi ameneyu. Werengani mpaka D, bambo. Kuno kuli ine.
08:36 Apongozi: Ndikuona kuti mwamvera.
08:38 Apongozi: A Ngozo.
08:41 Steve: ndiyankhe?
08:41 Apongozi: Mwayankha kale.
08:42 Steve: amayi ndikuopa
08:42 Apongozi: Inenso. Koma mantha anga ali ndi ntchito kuno, anu ali ndi ntchito uko. Wa kabaza watembenuka?
08:43 Steve: watembenuka. akufunsa ngati ndili bwinobwino
08:44 Apongozi: Muuzeni apalase.
08:53 Steve: ndafika. akuti tizimitse mafoni
08:53 Steve: chikachitika chilichonse
08:54 Apongozi: Mudzachipeza pano mukayatsa. Cholembera muli nacho?
08:54 Steve: ziwiri
08:54 Apongozi: Lowani.
10:37 Apongozi: A Ngozo, Eliness wachira. Mlendo ndi wamkazi. Onse awiri ali bwino.
10:39 Apongozi: Wamng'onoyu taciturn ayi. Chipatala chonse chamumva.
11:46 Steve: (mawu, 0:14) Amayi! Amayi! Eee! Ambuye! Aise ndine bambo, ndine bambo ine! Pepani bwana, pepani, ndikutuluka...
11:47 Apongozi: Mwakumbatira ndani?
11:48 Steve: mlonda
11:48 Steve: amayi zikomo. zikomo kwambiri. eli ali maso?
11:49 Apongozi: Akugona. Wanena kuti ndikufunseni shati imene mwavala.
11:49 Steve: yoyera
11:50 Apongozi: Nanga mayeso?
11:53 Steve: (mawu, 0:58) Amayi, poyamba mapepala ndimangoona mbuu. Kenako ndikuona belligerent. Ndinati tambala uja wanditsatira mpaka ku Lilongwe! Ndinaseka ndekha, woyang'anira anandiyang'ana. A Malita anabweranso, Allan anabwera ndi magalasi ake, inu munabwera kawiri, frugal ndi formid... ndi lina lija. Koma panali lina sitinapange, prudent. A inali proud. Dzanja linapita lokha pa A, ndinalibweza. Ndinawerenga onse. Proud wafanana nkhope, msampha. Rude ayi. Wealthy ayi. D inali sensible. Ndinaika D. Kaya.
11:55 Apongozi: Prudent ndi sensible, wise, cautious. Mwakhoza.
11:55 Steve: mwini wake ndani
11:56 Apongozi: Wa kabaza uja, pofunsa ngati muli bwinobwino.
11:56 Steve: kkkkk
11:57 Steve: pepani. ndimati ndaseka
11:58 Apongozi: Ndamva. Tsopano kwerani minibasi ija. Mugule sopo ndi chitenje pa Ntcheu, osati cha maluwa a Mtendere.
16:05 Eli: ndangogona pang'ono mwayamba kucheza osandidikira??
16:05 Eli: 👆👆👆 ndapereka zonse za mmawa, ngati zikufunikabe
16:06 Steve: ndili panja pansi pa mtengo
16:07 Eli: amayi anakuuzatu kkkk. akubwera naye pa windo

LACHINAYI, MASABATA ATATU PAMBUYO PAKE

Gulu: steve akhoze basi

09:12 Steve: aimba
09:12 Steve: AIMBA
09:13 Eli: ndani
09:13 Eli: uli kuti
09:14 Steve: ku dimba. a kampani aja. ndakhoza. akuti ndiyambe pa 1, zone ya biriwiri ndi sharpevale, njinga yamoto apereka
09:14 Eli: (mawu, 0:09) Lululululu! Amayi! Amayi tulukani! Iii ndadzutsa mwana, pepa Atikonda...
09:16 Steve: akuti pa english ndinali mgulu la apamwamba. ndinafunsa kawiri ngati akunena steve wake ndine
09:17 Eli: allan wamuuza?
09:18 Steve: ndamuuza apereke malo kwa wina. wayankha ndi photo ali pa swimming pool
09:18 Eli: ya bwana wake
09:25 Eli: amayi mwaona?
09:40 Eli: ndikukuonani pa windo mukupukuta magalasi
09:44 Apongozi: Ndi utsi.
09:45 Apongozi: Eliness, uwauze amalume a a Ngozo kuti Lamlungu tikatuluka ku tchalitchi afike kuno. Nkhuku ija yakhalitsa.

LAMLUNGU

Gulu: steve akhoze basi

12:31 Eli: amalume afika, akhala pa khonde la amayi. a ngozo muli kuti
12:33 Steve: ndikusintha shati
12:33 Eli: yachitatu imeneyo
12:34 Steve: pa foni zinali zophweka. maso ndi maso ndiyamba bwanji
12:35 Eli: muyambe ndi moni ngati anthu ena onse
12:35 Eli: komanso mukudziwa kuti mukulemba mu group?
12:36 Steve: eish
12:40 Apongozi: A Ngozo, nkhuku isanapse, liwu lomaliza. STEADFAST.
12:41 Steve: ndikudikira ma option amayi
12:44 Steve: sindithamanga
12:47 Steve: ngati palibe, ndiyesa ndekha. loyal? firm? munthu wosagwedezeka, woti sachoka pamene waima
12:48 Apongozi: Mwakhoza. Koma silinali funso.
12:49 Apongozi: Impetuous ndalibweza, tidzapatsa wina. Liwu lililonse lili ndi mwini wake. Ili ndakhala ndikulisunga chichokereni malemu bambo ake a Eliness, ndipo lero ndapatsa inu.
12:50 Eli: amayi 😭
12:56 Eli: a ngozo?
13:02 Eli: amayi mwamuliza munthu wa ngoma. watuluka, ali kuseri kwa khola la mbuzi, akuti chamulowa m'maso
13:03 Apongozi: Ndi utsi womwewo.
13:09 Apongozi: Eliness, uwauze a Ngozo kuti nkhuku yapsa.
13:09 Eli: ndayamwitsa kaye, ndipita
13:10 Apongozi: Ayi, khala. Ndikawaitana ndekha.